Bokosi Nambala 41

Kabokosi kakuda kanabwera pa basi ya ku Lusaka,
kokulungidwa m'chitenje ngati khanda lodwala.
Ndinakakhazika pa shelefu, pakati pa Baibulo ndi batire ya sola,
m'mimba mwake madisiki awiri,
kumsana kafani kong'ung'udza.
Iyi ndi seva, ndinatero.
Atate anati, Seva wake uti? Wa kwa a Shawa?

Lachisanu usiku ku Kapata.
Bandulo ya mwezi ndinagula ndi ndalama ya nsapato.
Chingwe ku rauta, tswa.
Pasiwedi ndinalemba, ndinayiwala,
ndinalembanso pa chikhatho.
Kenaka mndandanda unakhuthukira pa laputopu
ngati ngumbi pa nyali:
matchanelo zikwi zitatu ndi mazana anayi,
ena ogulitsa mphete m'zilankhulo zosadziwika,
ina yongoonetsa nsomba m'galasi tsiku lonse,
ambiri akufa kale,
kagudumu kokha kakuzungulira pa sikirini
ngati njinga yagwera m'ngalande ya ku Mchini,
mwini wake atanyamuka.

A Yotamu Daka, atate anga,
zaka makumi atatu ndi chimodzi akusanja makalata ku positi,
anakoka mpando ndi dzanja limene sitiroko inawasiyira.
Ukuunjika, mwana iwe, sukusanja.
Kalata yopanda keyala ndi chinyalala chovala envulopu.
Yambira kufunsa: ikupita kwa yani?

Ndiye tinayamba.
Ine kuwerenga dzina, iwo kugamula.
Iyi? Nkhani.
Iyi? Mpira, iike pafupi.
Iyi? Makatuni a Tilyenji, koma izitseka ikakwana eyiti.
Iyi sikutsegula.
Bwezera mwini wake!
Ndinafufuta, iwo akumenya chibakera pa bondo,
phi, phi,
chidindo chimene dzanja silinaiwale.

Ndandanda ya mapulogalamu inatsalira maola awiri,
nkhani za seveni zikudzitcha za faifi.
Ndinasakasaka mpaka ndinapeza
kuti kabokosi kamayesa kali kutsidya kwa nyanja.
Kauze kuti kuno ndi ku Chipata, anatero.
Ndinakauza.

Teni koloko malaiti anapita.
Phiri la Kanjala linalowa mu mdima ndi nyumba zake zonse,
agalu a kwa neba anayamba msonkhano,
kabokosi kanalira kawiri, pii, pii,
n'kuyamba kuyamwa batire.
Pa zikwi zitatu zija panatsala makumi anayi.

Mkati mwa disiki, m'kafoda kopanda dzina,
munali vidiyo ya ukwati wa Zelipa.
Wojambula anali ataledzera, chithunzi chimapendama,
koma chapakati, kumphepete kwenikweni,
amayi akuvina,
mutu wodulidwa theka ndi kamera,
duku lobiriwira, phewa likuseka.
Masekondi makumi anayi ndi awiri.
Ndi okhawo amene tili nawo oyenda.

Ndinati, iyinso ndingathe kuisandutsa tchanelo,
izingoyenda usana ndi usiku,
ikatha iziyambanso.
Atate anakhala chete mpaka kafani kanamveka ngati mvula ya kutali.
Ipatse fote wani.

Sindinafunse.
Kiyi wa bokosi lathu la ku positi
akadali pa chingwe cha m'khosi mwawo,
ngakhale loko anasinthidwa kalekale.

M'mawa, akabaza akuimba mabelu kupita ku msika,
ndinawapeza atakhala kale, limoti pa ntchafu,
chala chikufunafuna folo, kenaka wani.
Intaneti inali itagona, bandulo itatheratu,
matchanelo onse kagudumu, kagudumu.
Iyi yokha inatsegula msanga,
pakuti sichokera kutali,
imangochokera pa shelefu.

Anadikira keke, anadikira zolankhula za ankhoswe,
osadumphitsa, ngakhale ndinawaonetsa batani lake.
Duku litatulukira kumphepete
anagwedeza mutu kamodzi,
monga ankachitira thumba la makalata likatsika pa lole.

Yafika, anatero.