Duwa la pa Lupsa

Lamlungu, tsiku lokhalo limene manja anga amakhala anga,
ndinatsika takisi kupitirira Mondeor
n'kukwera kaphiri ka kummwera kwa Joni
kumene moto wa mu Ogasiti unanyambita udzu wonse.
Phulusa linkalowa m'nsapato.
Kumbuyo kwanga mzinda unkalira ngati chigayo chosazima.

Pakati pa miyala iwiri yakuda,
kaduwa kachikasu.
Ndinagwada, buluku la kutchalitchi n'kuda m'mawondo.
Nsonga zisanu n'imodzi, zotambasuka ngati nyenyezi,
masamba aatali, aubweya ngati khutu la kamwana ka mbuzi,
otulukira mbali zitatu.
Ndinanunkhiza: utsi wokhawokha.

Zaka zisanu n'zinayi ndikulera maluwa a eni ake ku Northcliff.
Ndimawadziwa ndi maina a pa tizikwangwani ta pulasitiki,
maina opinda lilime;
ndimadziwa lofuna mthunzi, ndimadziwa lodwala likamwa kwambiri.
Koma ili, losagulidwa, losathiriridwa,
linangoti duu ngati mlendo wa pamaliro
amene aliyense akumuyesa m'bale wa mnzake.

Ndinalijambula pafoni.
Mlongo wanga Nambewe ku Bembeke anayankha usiku, netiweki itabwera:
"Likufanana ndi aja tinkaponda kudambo popita kusukulu.
Dzina ndaiwala. Nanga ya feteleza ija?"

Adona anavala magalasi, nakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.
Anati n'lokongola, koma mwina ndi tchire chabe,
kenaka anandikumbutsa za mpanda wofunika kudulira.
Dzina langanso amalidulira chomwecho
kuti liwakwane m'kamwa.

Amene analidziwa ndi Mkhululi, mlonda wa pageti.
Sanaphethire n'komwe.
"Inkomfe," anatero, nabwereza kuti ndimvetse.
"Pansi pake pali chinthu ngati chilazi,
chakuda kunja, chachikasu mkati.
Azitsamba ku Faraday amagula. Ukadzaza thumba, lendi yakwana.
Walipeza kuti?"

Inkomfe.
Sabata yathunthu ndikulifunafuna dzinali,
ndipo lafika litasenza khasu.

Ndinaganiza za kachipinda kanga ka ku Rosettenville,
za mwini nyumba wogogoda pa tsiku loyamba la mwezi,
za chimanga cha Nambewe chofiirira masamba,
za chiphaso changa chimene chinatha mphamvu mu Epulo.
Chala chinanyamuka chokha n'kuloza kumpoto.
"Uko, cha ku Fourways," ndinanama,
kumene ndimadziwa kuti akakapeza simenti
ndi magalimoto ogona pamzere.

Lamlungu linalo ndinabwererako dzuwa litapendeka.
Ndinasokera kawiri; miyala yopsa imafanana yonse,
ndipo msipu unali utayamba kale kufunda lupsa.
Nditalipeza linali litatseka,
lafumbata chikasu chake
monga timafumbatira ndalama tikamadutsa pa Park Station.
Pambali pake ena atatu. Kutsogoloko ena asanu.
Kodi phiri lonseli, ine osaona?
Ndinayamba kuwerenga, ndinaleka,
poti kuwerenga kunayamba kumveka ngati kudzaza thumba.

Ndinakhala pamwala mpaka magetsi a mumzinda atayamba kuyaka,
msewu ndi msewu, ngati moto wina wolusa.
Ndinalitchula kamodzi, motsitsa mawu, m'chinenero cha eni dziko.
Silinatembenuke.
Ndiye ndinatchula langa, lonse, ndi mfunda womwe,
Chiyembekezo Mbewe,
mmene amayi ankalikokera ndikachedwa kobusa,
ndipo linamveka lachilendo, ngati malaya a munthu wina
amene ndinabwereka kalekale.

Kamphepo kanadutsa, kanatola phulusa pang'ono.
Kumunsi kunamveka hutala.
Ndinatsika chothamanga kuti takisi yomaliza isandisiye,
ndipo kondakitala atayang'ana mawondo anga akuda
anafunsa ngati ndimapemphera kuphiri.
Ndinati eya,
chifukwa yankho linalo linali lalitali.