Kalasi ya Usiku ku Recife

Amalowa seveni koloko,
thukuta la m'basi lisanaume kumsana.
Jussara akadali mu yunifolomu ya ku famase,
Wendel wasankha kale khoma loti atsamire.

Lero sindinabwere ndi zaka zoti aloweze.
Ndagawa pepala limodzi lokha,
kaundula wa chuma cha mwini munda wa nzimbe:
ng'ombe makumi atatu,
miphika yamkuwa isanu,
ngolo yothyoka gudumu,
kenako, pamndandanda womwewo, ndi inki yomweyo,
Benedita, zaka khumi ndi zinayi, wotsimphina.

Zii.
Fani yokha ikudandaula kudenga.

Wendel wadzuka.
"Aphunzitsi, chinamupweteka mwendo n'chiyani?"
Sindikudziwa, mwanawe.
Mlembi analemba mtengo wake, sanafunse.
"Nanga anakalamba? Anabereka?"
Pepala lathera pomwepo.

Belu lalira, palibe wonyamuka.
Jussara akupinda pepalalo mosamala
ngati chikalata cha kuchipatala cha mayi ake.

Malipiro anga ndi amenewo:
basi yomaliza ikutisiya tonse
chifukwa cha mtsikana
amene zaka mazana awiri zamudutsa
popanda womufunsa za mwendo.