Dzina la pa Nkhope ya Wotchi

Mnyamata wabwera nayo atayikulunga m'sokosi.
Akuti waigula pamsika wa zakale ku Besançon,
akufuna kudziwa ngati ndi yeniyeni.
Ndatsegula kumbuyo kwake ndi kampeni
ndipo fungo la mafuta akalekale
landilonjera ngati m'bale wobwera kutali.

Combe-Noire. Dzina la chigwa chathu,
lolembedwa pansi pa khumi ndi ziwiri.

Anayambitsa ndi Aurèle Vuillème, mlimi wa ng'ombe zisanu.
Kuno kumapiri a Jura chipale chofewa chikatseka njira
miyezi inayi, manja ungawaike pati?
Iye anakokera tebulo pawindo
n'kuyamba kusema timano ta mawilo,
ng'ombe zikupumira m'khola kuseri kwa khoma.
Wotchi yake yoyamba inkachedwa mphindi zisanu ndi zitatu patsiku.
Mkazi wake ankati nayenso amachedwa chimodzimodzi.

Mwana wake Numa ndiye anamanga fakitale,
mawindo ataliatali oti dzuwa lisasowe polowera,
ndiye anachotsa wotchi m'thumba n'kuimanga pamkono
bambo ake akudandaula kuti chimenecho n'chibangili.

Ine ndinalowa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
mzere wachitatu, pakati pa Odile ndi Marthe wachifuwa uja.
Tinalipo mazana awiri.
Ntchito yanga inali kasipuling'i kopyapyala kuposa tsitsi,
kukapinda ndi mpweya uli m'khosi.
Ukayetsemula, tsiku lapita.

Kenako kunabwera mawotchi a batire,
otchipa, osachedwa, osafuna dzanja la munthu m'mawa.
Bwana Vuillème wachitatu anagwira imodzi,
anaiika kukhutu, nati, "Ilibe mtima iyi."
Anthu anagulabe.
Belu la fakitale linalira komaliza Lachisanu,
mvula ikugwa, ndipo Odile anaiwala ambulera yake mkatimo.
Makina anawagulitsa poyeza pasikelo.
Dzina linagulidwa ndi anthu a mumzinda
amene sanapondepo m'chigwa muno.
Lero m'fakitale muja amagonamo anthu,
pawindo langa ayanikapo matewera.

Mnyamata akudikira yankho.
Ndavala galasi padiso, dzanja likunjenjemera,
koma ndakaona: kachizindikiro kumunsi kwa mlatho,
timizere tiwiri ta singano,
tomwe Marthe ankakanda mobisa bwana asakuona.

Ndapukusa kamutu kake kasanu.
Chete.
Ndaigogoda ndi chikhadabo,
ndipo yayamba, tiki, tiki, motsimphina pang'ono
monga tonse otsalafe.

"Ndi yeniyeni," ndamuuza.
Wafunsa kuti ingagulidwe ndalama zingati.
Ndamuuza kuti sindidziwa.
Chomwe ndidziwa n'chakuti aziipukusa m'mawa, asanamwe khofi,
asamaikakamize ikalimba,
ndipo ikachedwa mphindi imodzi kapena ziwiri
asaikwiyire. Nzakumtundu.