Penshoni ya a Likoswe

Zaka makumi atatu ndi ziwiri amalume anasanja zilembo
kunyumba yosindikizira ya boma,
inki m'zikhadabo, maso akuthera pa mapepala a eni.
Tsiku lomwe anawapatsa envulopu yawo
sanagule malata, minibasi ayi.
Anakwera phiri, natsika ndi matabwa a mkungudza,
misomali yamkuwa, ndi zitini ziwiri za phula.

Azakhali anaima pakhonde, manja m'chiuno:
kodi ndi bokosi la maliro limeneli?
Iwo, pensulo kukhutu, anangoti: dikirani.

Tinadikira mvula ziwiri.
Sadzi yense ankasuzumira pampanda
kuona nthiti za chinthucho zikumera mnofu.
Thanga anasoka Che Amidu a mumsika
ndi lona yakale ya lole ya fodya,
masingano anayi anathyokera pomwepo.
Kumutu kwa boti amalume analemba okha
zilembo zowongoka ngati za m'gazeti: PENSHONI.

Loweruka lina tinalikweza pa lole ya mchenga,
kudutsa Matawale, fumbi kobo mpaka pa Kachulu.
Asodzi anasiya kuyanika matemba, natizungulira.
Makoka ali kuti, bambo? Mbedza?
Kapena muziwolotsa anthu ku Chisi?
Ayi, anatero amalume, n'longoyendera.
Kuyendera kupita kuti?
Kungoyenda.
Anaseka mpaka wina anakhala pansi.

Jawadu, mnyamata wa mapewa ngati chitseko,
anati tiyeni tiyese: wofika msanga pachilumba
amwa Fanta wa mnzake.
Anazika mponda wake m'matope, bwato lake linanyamuka.
Ife thanga lende, ngati malaya pachingwe.
Ndinamva udzudzu, ndinamva madzi akununkha mchere,
ndinamva manyazi akutsika m'khosi.
Amalume ananyowetsa chala, nachiimika m'mwamba,
nayamba kusenda nthochi.

Kenaka njedza zinawerama zonse mbali imodzi.
Mwera!
Lona inawomba m'manja kamodzi, phwa,
mlongoti unalira, boti linapendekeka,
madzi akung'ambika ngati chitenje chatsopano.
Khala kuno! Koka chingwe! Weramutsa mutu, iwe!
Tinadutsa zimbowera, utsi wa mlamba ukutitsata,
tinadutsa Jawadu ali kukamwa yasa,
akakowa akubalalika patsogolo pathu,
ndipo munthu amene sindinamuonepo akuthamanga,
amene ankapinda nyuzipepala asanaitaye,
ankakuwa ngati mwana wa sitandade wanu,
chipewa chitapita kale ndi mphepo.

Patatsala mikono makumi awiri
chipsepse cha pansi chinaluma thope. Ndii.
Chilwa si nyanja yakuya, aliyense amadziwa,
kupatula buku lomwe amalume anawerenga.
Jawadu anatidutsa pang'onopang'ono, mwaulemu,
nativulira kapusi.
Fanta anamwa awiri. Amalume analipira akumwetulira.

Tinapitanso kasanu ndi kawiri.
Chaka chotsatira nyanja inayamba kubwerera m'mbuyo
ngati wangongole woona mwini ndalama.
Doko linasanduka bwalo la ming'alu,
njinga zikupita ku Chisi pomwe ife tinkayandama.
Penshoni inabwerera pa lole yomwe ija.

Lero ili kuseri, pansi pa mpeyala, pa matayala anayi.
Nkhuku ya azakhali imaikira kumchira kwake.
Koma Loweruka lililonse, mphepo ikatsika m'phiri,
amalume amachotsa mazira mosamala,
nakweza thanga la Che Amidu mpaka pamwamba,
nakhala pansi, dzanja pa chiwongolero.
Anthu opita kumsika amafunsa pampanda:
lero mwafika pati, a Likoswe?
Iwo osacheuka:
musandilankhulitse, pano m'posaya.

Dzulo ndinapeza azakhali akupaka phula m'ming'alu ya matabwa.
Atandiona anati, n'chifukwa cha nkhuku.
Wailesi inali itanena kuti mvula ya chaka chino ichuluka.