Diso Latsopano

Tochi iyi inali ya malume anga a Sinoya,
mlonda wa pa geti la fakitale ya matumba
kumsewu wa Lumumba, zaka khumi ndi zinayi.
Pondisiyira ntchito anandisiyiranso iyo:
yachitsulo, yolemera ngati kamunsi,
yopindika pamlomo pomwe inagwera pa simenti
usiku umene galu wa abwana anadula unyolo.

Kuwala kwake kunali kutakalamba.
Kunkatuluka kofiirira ngati tiyi wa masamba obwereza,
kufika pa nsapato zanga, n'kukhala pansi.
Ndikaunika kumpanda
mpanda unkangondibwezera mdima wanga.

Lachitatu nditaweruka ndinakwera basi ya ku Kamwala,
tulo tili m'maso ngati mchenga.
Dailesi Njobvu amakhala kuseri kwa ogulitsa zitenje,
pa katebulo kodzaza mawaya, mafoni akufa
ndi timabotolo ta mafuta odzola tosungiramo masikuluwu.
Sanataye nthawi ndi moni.
Anaipotokola mutu, n'kuikhuthulira pachikhatho:
kababu kakuda ngati dzino lobooka,
kambale konyezimira kale, lero kotuwa mbuu.

"Thupi lili bwino," anatero.
"Chatha ndi diso."

Anatulutsa timapaketi tiwiri m'kabati.
"Masiku ano babu ndi kambale zimabwera zogwirana,
mumangochotsa kakale, n'kuponyamo aka.
Kosalala mkatika kamalasa kutali ngati mkondo,
koma njoka ili pamapazi simuiona.
Kokhakhala ngati khungu la lalanjeka
kamamwaza kuwala pabwalo ponse,
koma kumpanda sikafika.
Inu usiku mumaopa chiyani,
chakutali kapena chapafupi?"

Palibe anandifunsapo zimenezo,
ngakhale amene anandipatsa wisilo ndi chibonga.
Ndinaganiza za anyamata odula waya wa kopa
amene amayenda ngati amphaka pamwamba pa khoma.
Ndinaganizanso za ngalande yopanda chivindikiro
yomwe inathyola malume mwendo m'dzinja.
Ndalama inali ya kamodzi.
Yotsalayo inali ya makala ndi nsapato za Tiyezge.

Ndinaloza kokhakhala.
Anapala dzimbiri pa sipuling'i ndi chikhadabo,
anabweza galasi, n'kudina.
Dzuwa likuswa mtengo, koma pansi pa tebulo panayera.

Usiku womwewo magetsi anathima pa teni koloko.
Ndinaona zomwe ndakhala ndikuponda osadziwa:
mng'alu wa simenti wonga mtsinje pamapu,
nyerere zikusamutsa mazira,
dzina la malume lolembedwa ndi msomali
m'munsi mwa chitseko cha kanyumba ka alonda.
Ndinaphunziranso msanga kuloza pansi:
kuwala kotere kumaulula pomwe waima mwini wake.

Lamlungu ndinaitengera ku Chawama.
Malume anali pakhonde, ng'ala ili m'maso onse awiri,
wailesi ikulira pamiyendo.
Ndinaiika m'manja mwawo osanena kanthu.
Chala chawo chinapita chokha pamlomo popindika paja.
"Ndi yanga iyi," anatero. "Koma yapepuka kumutu."
Anailoza kumaso kwawo, n'kudina.
Anakhala chete nthawi yaitali.

"Ndikuona ngati kukucha," anatero.
"Mayi wakoyo, wa ku Kamwalayo,
timapaketi ta maso a anthu alibe?"

Tinaseka, iwo kwambiri kuposa ine.
Kababu kakale kanali m'thumba la malaya anga,
kokulunga m'tikiti ya basi.
Anakapempha. Anakagwedeza pafupi ndi khutu
kuti amve kawaya kothyoka kakulira mkati,
n'kukaika m'chitini momwe amasungira makiyi
a mageti omwe anasinthidwa kale maloko.