Buku la Phoso

Bambo ayamba kuiwala kuchokera kumapeto.
Dzulo lawathawa, za m'mawa uno sakuzidziwa,
koma mtengo wa fodya wa chaka chomwe ndinabadwa
amautchula osaphonya ndi tambala imodzi yomwe.
Amaswera pakhonde, maso ku zigafa zopanda kanthu,
kuwerenga mabelo amene anapita ku Chinkhoma kalekale.

Ine ndangobwera ndi thiranki langa,
mayeso a Folomu 4 ndalemba,
Chizungu chili tho m'kamwa,
nsapato zanga sizidziwa matope a pa nazale.
Ndagwada kuti ndiwapatse tiyi.
Andigwira dzanja, alitembenuza, alinunkhiza:
"Esinala, phula la fodya lija lachoka bwanji m'zalamu?"

Dzina langa ndine Mtisunge.

M'chipinda simbi yaima pamodzimodzi.
Malaya a kutchalitchi apserera.
"Asiye," atero mayi, osatuluka,
"mutu wawo ndi dengu lobooka."

Usiku ndinalowa m'sitolo ndi tochi.
Pansi pa jeke wochita dzimbiri panali buku la phoso,
chiswe chitadya m'mphepete, mayina chitawasiya.
Ndowa ya chimanga. Mchere. Khasu. Sopo theka.
Esinala, wa ku Phalombe,
anabwera pa lole ya mu Okutobala.
Ngongole yake inkakula tsamba ndi tsamba
ngati fodya wosadulidwa nsonga,
kufikira mzere wofiira, ndi liwu loti yathetsedwa.
Pambali pake, m'zilembo zopendekeka
zomwe zakhala zikusayina malipoti anga onse:
mwana watsala.

Pali loto lomwe ndinkati ndi loto basi.
Msana wofunda. Masamba obiriwira akundikhudza kumutu.
Singano ikulowa, ikutuluka,
ndi mawu otsika akuti mwanaka, mwanaka.
Ndili Sitandade 2 ndinafunsa aphunzitsi tanthauzo lake,
anati m'Chichewa mulibe liwu lotero.
Ndinawakhulupirira. Ndinali mwana womvera.

A Gelesomu, kapitawo wakale,
pano amagulitsa tomato pa Santhe.
Anayamba ndi kukonza milu yokonzedwa kale.
"Ine ntchito yanga inali kukweza katundu," anatero.
"Ndowa, mkeka, lichero.
Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa lole
atamanga nsalu pachifuwa,
poti mkaka unkadontha.
Sanalire. Akadalira bwenzi ndikugona masiku ano."
Anandiikira tomato awiri a basera.
Ndalama yanga anaikana.

Tsono ndiyambire pati kuwerengera?
Fizi ya zaka khumi ndi ziwiri,
mafuta onunkhira, nkhuku ya tsiku lotsekera sukulu,
masiwiti amene ndinkaponya kunja kwa waya
kuti ndione ana a matenanti akulimbirana pafumbi,
ine ndikuseka, mano onse pamtunda.
Ndinali mbali iti ya waya uja?

Komanso mayi awa, opsereza malaya awa,
ndi amene anagona pasimenti masiku asanu ndi anayi
m'chipatala cha pa boma, malungo atandipinda,
akundinyowetsa milomo ndi supuni.
Ndafuna kudana nawo sabata yonse.
Chidani chikukana kuyaka, nkhuni zake n'zaziwisi.
Timadutsana m'khitchini,
mapewa kukhudzana, nkhani yathu n'kukhala ya mvula.

Madzulo ano phiri la Kasungu lamira m'utsi wa lupsa.
Bambo andikoka chitenje,
nkhope yawo ngati ya mnyamata wogwidwa:
"Kodi lole ija yanyamuka?"
Ndawakonzera bulangeti m'miyendo.
"Yanyamuka, bambo. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu."
Agwedeza mutu, afunsa ngati tiyi wapsa.

Tsamba lija ndaling'amba bwinobwino,
ndalipinda kanayi m'envelopu ya satifiketi.
Akuti ku Phalombe ndi mabasi atatu.
Mudzi sindiudziwa, mfunda sindiudziwa,
ngati ali moyo sindikudziwa.
Ndili ndi dzina limodzi, liwu limodzi,
ndi zala izi zosalala
zimene munthu woiwala anazizindikira.