Mpaka Loweruka Lokha

Tatuluka m'chipatala ku Luwinga,
envulopu ya khaki ili m'jekete la bambo,
yopindidwa kanayi,
ngati kuipinda kungachepetse zolembedwamo.
Mvula ya kuno siigwa, imangoyandama,
imakunyowetsa ukukana kuti si mvula.

Kufupi ndi depoti, pakhomo la galasi,
pali bolodi lakuda, choko chayamba kutsetsereka:
khofi wozizira wa uchi ndi mtedza,
ayisikilimu wa malambe,
nkhuku ya kambuzi m'banzi,
ndipo pansi pake, zilembo zonenepa:
MPAKA LOWERUKA LOKHA.

Ndawerenga mokweza, maso awo anatopa kale.
"Nanga Lamulungu anthu azidya chiyani?"
Aseka mpaka chifuwa chawalanda chisekocho.

Talowa.
Mtsikana wa pakauntala, Fyawupi,
dzina lili pachifuwa,
wamva lilime la bambo likupindikira kumapiri,
wawalonjera m'chinenero cha kwawo.
Avula chipewa ngati alowa m'tchalitchi.

Atamva mtengo wa kapu imodzi
ayang'ana kudenga, milomo ikuyenda.
Ndikudziwa, akuwerengera ndowa.
Zaka makumi atatu akuthyola khofi ku Misuku,
mame m'mawondo, nyerere m'khosi,
zikhadabo zosayeranso ngakhale ndi sopo wa buluu,
koma m'kamwa mwawo munkalowa tiyi basi,
masipuni atatu a shuga.
Khofi ankati ndi wa sikelo.

Kapu yabwera ikutuluka thukuta mu Juni.
Kampopi akachotsa, akaika pambali mwaulemu,
avundukula, anunkhiza,
amwa ngati munthu wolawa madzi a chitsime cha eni.
Chete.
Mwala wa ayisi ukulira pansi pa dzino lotsala.

"Uyu anamuthyola asanapse bwino.
Anathamangira ndalama ya fizi."
Amwanso.
"Koma ndi wathu. Ndamumva dothi."

Ayisikilimu ndinaitanitsa wanga ndekha.
Kasipuni ka pulasitiki kasowa m'dzanja langa,
kapezeka m'lawo.
Diso limodzi latsinzina, phewa lakwera m'khutu,
kuzizira kwawabaya pakati pa mphumi,
kuwawasa kwa malambe kwawakoka tsaya.
"Iii! Anthu a m'tauni mumadzizunza ndi ndalama zanu zomwe."
Kasipuni kabwereranso m'kapu.
Kachitatu. Kachinayi.
Dontho loyera latsikira m'ndevu, sindinawauze.

Pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka mawu
a shuga, a mankhwala, a maola a mapiritsi.
Ndawameza.
Dokotala uja sanandiyang'ane m'maso,
ankakonza mapepala okonzeka kale
pomwe ankati:
"Azidya chilichonse chomwe mtima wafuna."
Chichewa chimenecho aliyense amachimva,
ngakhale wa ku Misuku.

Patebulo lina ana a kuyunivesite
akweza makapu awo kuwajambula,
thovu likuphwa iwo akufunafuna kuwala.
Bambo awayang'ana nthawi yaitali.
"Akuopa kuiwala?"
Foni yanga inali m'dzanja, pansi pa tebulo.
Ndaibweza m'thumba.

"Lero n'lachingati?"
Lachitatu, bambo.
Awerenga pa zala zakuda zija,
chala chilichonse achipinda pang'onopang'ono
monga ankapindira nthambi kuti isathyoke.
"Ndiye masiku alipo.
Nkhuku ya tsabola ija, mawa.
Mkuja tibwereze wa malambeyu,
ndione ngati anandinamiza."

Anyambita kasipuni mbali zonse,
akapukuta pa thalauza,
akalowetsa m'thumba lomwe muli envulopu.

Panja wakabaza akupukuta mpando ndi mkono wa juzi,
akutiitana ndi belu losalira bwino.
Nkhungu yameza mitengo ya paini ya kutsidya.
Fyawupi watuluka ndi choko chatsopano,
wagwada pa bolodi lomwe mvula yanyambita,
akubwezeretsa zilembo chimodzichimodzi.
Wafika pa LOWERU,
bambo aima kumudikira kuti amalize.